Liwu Lapakati

Ndinachoka kwathu ndi chikwama chimodzi ndi nyimbo imodzi. Chikwamacho chinatha kalekale, sindikumbuka n'komwe tauni imene ndinachitaya. Nyimboyo ndi imene yandiyendetsa mpaka imvi kumera.

Inali nyimbo ya bambo anga. Iwo anali mphunzitsi, ndipo m'nyumba ya sukulu imene tinkakhala munali piyano yakale ya mishoni, imene anaisungitsa kwathu chifukwa denga la holo linkadontha. Masana akaweruka, bambo ankavula jekete, n'kukhala pa piyanoyo kuliza nyimbo imene anapeka okha. Sanailembe paliponse. Ine ndinkaimva ndili m'chipinda, khoma lili pakati pathu, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti mwana safika pafupi ndi katundu wa mishoni. Bambo atamwalira, a mishoni anatumiza thirakitala kudzatenga piyano yawo. Nyumba anapatsa mphunzitsi wina. Amayi anabwerera kumudzi kwawo, ine ananditenga abale a bambo kuti ndikapitirize sukulu. Aliyense ananyamula chake, ine ndinatsala ndi zimene zinali m'mutu.

Nyimboyo inali ya piyano yokha, koma munali mawu atatu oyenda limodzi, monga muja kwaya imakhalira ndi mawu anayi. Lapamwamba linali lothamanga, loti munthu n'kuliimba ndi mluzu akupalasa njinga. Lapansi linkaponda pang'onopang'ono. Pakati pa awiriwa panali lina lofatsa, losapupuluma, lokonda kukhala pa noti imodzi nthawi yaitali, ndipo limenelo ndilo ndinkalikonda. Nditakula ndinaona kuti pepala la nyimboyo kulibe, woiliza anapita, ndipo ndikadzaiiwala ine ndiye kuti yafa. Ndiye ndinatsimikiza mtima kuti ndidzailemba yonse, liwu lililonse pamalo pake, kuti aliyense wodziwa piyano adzailize monga ankalizira bambo. Anthu ena amafuna munda, ena galimoto. Ine zanga zinali zimenezo, ndipo sindinapemphe munthu kuti andimvetse.

Tauni yoyamba inali ya fumbi. Basi inandisiya pa depoti, ndipo ndinafunsa mayi wina wogulitsa nthochi ngati m'tauniyo munali piyano. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, kenako analoza ndi mlomo. Kumene analozako kunalibe piyano. Kunali kashopu kosindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, ka bambo Kamphinda, munthu wamfupi wa magalasi omanga ndi ulusi.

"Piyano kuno ukaipeza undiuze, ndikaione nanenso," anatero nditawafotokozera. "Koma ngati nkhani ndi kulemba nyimbo, khala pampandopo. Usagwire chilichonse."

Pakona panali kompyuta yofunditsidwa chitenje. Munali pulogalamu yolembera nyimbo, pakuti makwaya opita ku mipikisano ankafuna mapepala ooneka bwino, ndipo bambo Kamphinda sankalola ntchito iliyonse kuwadutsa pakhomo. Ndinakhala nawo mpaka fumbi la tauniyo linandilowa m'mano. Anandiphunzitsa kuti nyimbo ya piyano imalembedwa pa mizere isanu ya dzanja lamanja, ndi ina isanu pansi pake ya dzanja lamanzere. Noti ili ndi mutu ndi mchira. Mawu awiri akakhala pa mizere yomweyo, manoti a liwu loyamba michira yake imaloza kumwamba, a liwu lachiwiri imaloza pansi. Pa sikirini loyamba linkaoneka la buluu, lachiwiri lobiriwira, ngakhale pa pepala zonse zimatuluka zakuda.

"Usanalembe uzidina kaye kusonyeza kuti ukulemba liwu liti," ankatero akundigogoda pachala ndi bolopeni. "Ukapanda kutero, lachiwiri limadya loyamba ngati nkhumba yodya ana ake. Ndakuuza kangati?"

Anandiuza kambirimbiri, ndipo kambirimbiri nkhumbayo inadya.

Dzanja litazolowera, ndinayamba kulowetsa nyimbo ya bambo masana ntchito ikachepa. Liwu lapamwamba linalowa mosavuta. Lapansi chimodzimodzi. Kenako ndinadina liwu lachiwiri la dzanja lamanja, michira pansi, n'kuyamba lapakati lija. Linayenda bwinobwino mpaka pamalo pamene bambo ankachepetsa mphamvu, pamene nyimbo yonse inkachita ngati ikunyang'ama. Pamenepo chala changa chinaima pa mausi. M'mutu munali zii.

Ndinabwerera poyambira. Ndinatseka maso n'kuliimba chamumtima, mothamanga, kuti mwina ndilumphe. Kufika pomwepo, zii. Liwulo linkalowa pamalopo ngati njira yolowa mumtsinje, n'kukatulukira tsidya lina lili bwinobwino. Nyimbo ikazungulira n'kubwereranso pamalo ofatsawo, mpatawo unkabweranso. Zaka zonsezo ndinkayenda monyada ndi nyimbo yobooka, osadziwa. Ndipo ndinachita mantha, chifukwa ndinaonapo malaya mmene amathera akayamba kubooka.

Pa sikirini, pulogalamu inali itaika yokha tizizindikiro tosonyeza kuti liwulo likhale chete. Ndinatiyang'ana ngati tanditukwana.

Bambo Kamphinda anaima kumbuyo kwanga akupukuta inki m'manja. "Ine ndimadziwa kusindikiza chimene munthu wabwera nacho," anatero. "Chimene wataya panjira, ayi. Pita kwa anthu amene anaphunzira nyimbo zenizeni." Anandikopera nyimboyo m'kafulashi, ndipo ndinakwera basi.

Tauni yachiwiri inali paphiri, ya chifunga. Pa depoti panali mayi wogulitsa nthochi, ndipo ndinganene kuti anali yemwe uja, kungoti tsopano anavala juzi. Ndinafunsa za piyano. Analoza ndi mlomo. Piyano inalipodi, m'khonde la ofesi ina ya mpingo, koma chiswe chinali chitaidya m'kati, ndipo anthu ankaikapo makapu a tiyi. Mu ofesimo ankakonza buku latsopano la nyimbo. Woyang'anira ntchitoyo anali mayi Nankhoma, wamtali, wosaseka wamba, woyenda ndi rula m'manja ngati anabadwa nayo.

Kwa bambo Kamphinda ndinaphunzira kulemba, kwa mayi Nankhoma ndinaphunzira manyazi. Tsamba limene ine ndinkaliona ngati labwino, iwo ankalikweza pawindo n'kulibweza osanena kanthu. Anandionetsa kuti mawu awiri akayandikana kwambiri mitu ya manoti imagundana, ndiye umasuntha umodzi pang'ono kuti uliwonse uoneke. Akakumana pa noti imodzi, mutu umakhala umodzi koma michira iwiri, wina kumwamba wina pansi, kuti woliza adziwe kuti pano pali awiri ngakhale chala chili chimodzi. Mizere yokhota yolumikiza manoti isamadule michira. Ndipo tsamba lisamathere pamene manja onse ali otanganidwa, chifukwa munthu atembenuza ndi chiyani, mphuno?

"Achimwene, woliza piyano alibe nthawi yokufunsani kuti mumatanthauza chiyani," ankatero. "Mukamusokoneza, amalakwitsa pamaso pa mpingo wonse, inu muli phee kunyumba kwanu."

Tsiku lina ndinawaonetsa mpata uja. Anayang'ana lapamwamba, anayang'ana lapansi, n'kukoka mpando. "Izi si zovuta. Mawu awiri akadziwika, lachitatu lili ndi njira zochepa zoyendamo." Analemba manoti mumpatamo mwachangu, motsata malamulo onse, n'kudina kuti kompyuta ilize.

Inali yokoma. Panalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Koma itafika pamalo aja ndinaimirira osadziwa, mpando n'kugwera kumbuyo. Zinali ngati mlendo walowa m'nyumba mwathu atavala jekete la bambo. Ndinapempha kuti afufute. Anafufuta atakwinya nkhope, pakuti sanazolowere kuti ntchito yawo ibwezedwe.

Chimene chinandichotsa m'tauniyo chinachitika nyengo ina, nditatumidwa kumunsi kwa phiri kukatenga mapepala. Kafulashi ndinakasiya pa kompyuta. Pobwera ndinapeza mayi Nankhoma akumwetulira, chinthu chimene chinali chosowa.

"Ndakukonzerani nyimbo yanu ija. Taonani kuyera kwake."

Tsambalo linali loyeradi. Zobiriwira zonse kunalibe. Anali ataphatikiza liwu lapakati ndi lapamwamba, mitu iwiriiwiri pa mchira umodzi, monga amachitira ndi nyimbo za mpingo kuti zisavute. Manoti aatali aja anawaduladula kuti aziyenda limodzi ndi lothamanga lija. Kompyuta italiza, liwu lofatsa lija linamveka likudumphadumpha ngati mbuzi yokokedwa ndi njinga. Ndinafunsa ngati yakale ilipo. Anati anasunga yatsopanoyo pamwamba pake, yakale n'kufufutika.

"Pepani achimwene," anatero ataona nkhope yanga, ndipo ndinaona kuti zinawakhudzadi. "Koma mmene munalembera muja, munthu sangalize. Chala chimodzi chigwire noti nthawi yonseyo, zinazo zikuthamanga kutali uko? Ine ndimafuna kukuthandizani."

"Bambo anga ankaliza," ndinatero.

Ndinalilowetsanso liwulo kuchokera m'mutu. Manoti a m'mphepete mwa mpata, amene kale ndinkawadziwa ngati dzina langa, tsopano ndinkawakayika. Zimene ndinamva pa kompyuta zinkasakanikirana ndi zimene ndinamva kuseri kwa khoma. Mpata unali utayamba kudya m'mbali. Mayi Nankhoma anandipatsa laputopu yakale ya mu ofesi, ya batire lofooka, osandiyang'ana m'maso, ndipo ndinatsika phiri.

Kuchokera pamenepo matauni anayamba kufanana. Ndinakhala pamudzi wina wa mishoni pamene kwaya inkaphunzira nyimbo pa bolodi, do re mi, ine n'kumazisandutsa manoti a mitu ndi michira. Ndinakhala m'tauni ya njanji, m'kachipinda kogundana ndi chigayo, ndikulembera gulu la malipenga, laputopu ikunjenjemera patebulo tsiku lonse. Kumeneko ndinaphunzira ndekha kutsitsa liwu kuchoka pa mizere ya dzanja lamanja kupita pa ya lamanzere, ndi kamzere kosonyeza kumene lalowera. Mawu a mayi Nankhoma ankandiluma, ndiye ndinkalitsitsa liwu lapakati, ndinkalikweza, kufuna kupeza mmene bambo ankaligwirira. Zala ndinkayesa m'mphepete mwa tebulo. Sizinkafika, koma ndinkati vuto ndi zala zanga.

M'tauni ina yotentha ndinatsala pang'ono kukwatira. Anali telala, dzina lake Felesiya, mkazi wa maso oseka. Tsiku lina tikudya anaika supuni pansi.

"Mwasiyanso kutafuna," anatero. "Kodi mumamvera chiyani? Kuseri kwa khomalo kuli nkhuku za eni nyumba basi."

Ndinati ndikuona ngati noti ina yachoka.

"Ikachoka mudzandiuze. Ine ndi munthu wokhala mbali ino ya khoma ndikufuna."

Sanalakwe. Ndinamusiyira wailesi ndi mipando iwiri, ndipo anandiperekeza ku depoti mwaulemu.

Paliponse ndinkafunsa aphunzitsi a nyimbo, abusa, oliza limba m'matchalitchi, aliyense amene akanatha kumvapo za bambo anga. Aliyense ankadzaza mpatawo ndi zake, mokoma mtima, ine n'kumafufuta akatembenuka. Anthu ankati ndine katswiri, ndipo mapepala anga ankafika kumene ine sindinafikeko. Koma tsamba limene ndinaphunzirira ntchitoyi linali likadali lobooka, ndipo m'mawa uliwonse, ndisanasukusule, ndinkaliimba liwu lija kuti ndione chimene chatsala.

Tauni ina inali ya mvula, kufupi ndi malire. Mayi wa nthochi anali atafunda pulasitiki, mutu uli mbuu ngati wanga. Sindinamalize n'komwe funso, analoza ndi mlomo. Ulendo uno piyano inalipo yeniyeni, yamoyo, m'hotela ina. Woiliza anali bambo Sikwese, nkhalamba ya manja aakulu ngati mafosholo. Ankaliza nthawi ya chakudya chamasana, alendo akugogoda mafoloko osamvera n'komwe.

Alendo atabalalika ndinawapatsa mapepala anga, n'kuwauza kuti ndi nyimbo ya bambo anga. Anawayala, anavala magalasi. "Walemba ndiwe, mphwanga? Dzanja lako ndi loyera." Anayamba ndi mawu awiri, lapamwamba ndi lapansi. Chichokereni thirakitala ija ndinali ndisanaimvepo nyimboyo pa piyano yeniyeni. Ndinakhala pansi pa simenti, operekera zakudya akundilambalala ndi mbale zawo.

Kenako anayesa kuwonjezera lapakati. Anatambasula chala chachikulu. Anayesa kulipatsa dzanja lamanzere. Anabwerera, anayesanso, n'kuseka.

"Bambo ako anali ndi manja angati?"

Sindinaseke nawo. Iwo anayandikitsa nkhope papepala, n'kuika chala pa noti ina yaitali ya liwu lapakati. Pansi pake ndinali nditaika chizindikiro cha mizere iwiri yoyambira pamodzi n'kumayasama, chouza woliza kuti liwu lizikula.

"Ichi wachiika dala?"

"Ndi mmene inkamvekera. Imayamba pansipansi, n'kumakula, n'kumakula, ili pa noti yomweyo."

"Unamva ndi makutu ako?"

"Tsiku ndi tsiku."

Anadina kiyi imodzi n'kuigwira osaisiya. "Tamvera." Liwu linatuluka, linayamba kuchepa, linazilala mpaka kunatsala mvula yokha padenga. "M'kati umu muli tinyundo tomenya mawaya. Ukamenya wamenya, liwu limayamba kufa pomwepo. Ndaliza piyano moyo wanga wonse, sindinaionepo ikukuza noti imene yamenyedwa kale. Kompyuta yako sinakuuze chifukwa imangolandira chilichonse chimene waipatsa. Ili si liwu la piyano, mphwanga. Liwu lokula lili pamalo amodzi limachokera m'chifuwa cha munthu. M'nyumbamo munalinso ndani?"

Ndinayang'ana pepala, manoti aja a michira yoloza pansi, amene ndinawasamala zaka zonsezo ndikuyesa ndi zala za bambo anga.

"Amayi," ndinatero. "Koma amayi sadziwa nyimbo."

"Anakuuza ndani?"

Palibe anandiuza. Amayi piyano ankaigwira ndi kansanza, poipukuta basi. Sanali a kwaya. Masana amenewo ankakhala akusita malaya a bambo ndi simbi ya makala, patebulo limene linali pakati pa piyano ndi chitseko cha chipinda changa. Ndinali nditafunsa abusa ndi aphunzitsi a dziko lonse. Amayi ndinkakumana nawo pamaliro apo ndi apo, n'kumakambirana za mvula ndi za mbewu. Uthenga womaliza umene ndinalandira unkati akalamba kwambiri. Ndinasonkhanitsa mapepala, ndipo bambo Sikwese anandipatsa ambulera yawo osafunsanso china.

Ulendo wa kumudzi sindiukumbuka bwino. Ndikukumbuka basi, kenako lole ya matumba, kenako mapazi. Pamphambano panalibe wogulitsa nthochi. Panali kanyumba kometera tsitsi, ka sola, pamene ndinatchajitsa laputopu, ndipo wometayo ndi amene anandiuza za amayi.

"A Nambewe alipo. Thupi ali nalo, amadya bwino. Koma mutu umapita n'kumabwera. Musakadabwe."

Ndinawapeza pakhonde masana, akusenda mtedza m'lichero. Anali atachepa kwambiri. Ndinakhala pansi patsogolo pawo n'kupereka moni.

"Tili bwino, kaya inu bambo," anatero mwaulemu. "Mwachokera kutali?"

"Amayi, ndine mwana wanu."

Anayang'ana imvi zanga, n'kuseka pang'ono. "Musandiseketse. Mwana wanga ndi wamng'ono, wagona m'chipindamo. Muzilankhula pang'onopang'ono."

Wometa anali atandichenjeza, komabe mawuwo anandipweteka. Kenako ndinatsegula laputopu, pakuti china chochita ndinalibe. Ndinatseka liwu lapakati kuti lisamveke, n'kusiya awiri a bambo okha, ndipo ndinadina.

Poyamba sanasinthe. Kenako manja anasiya mtedza. Dzanja lamanja linayamba kuyenda pamwamba pa lichero, kupita ndi kubwera, ngati likukankha simbi. Ndipo milomo ili yotseka, m'chifuwa mwawo munatuluka liwu lija. Linali lonjenjemera, lokalamba, koma linali lomwelo. Linakhala pa noti imodzi n'kumakula, n'kumakula. Manoti amene ndinkawakayika aja anatuluka onse, iliyonse pamalo pake. Zala zanga zinali pa makiyi a laputopu, zokonzeka kulemba.

Tinafika pamalo ofatsa paja. Amayi anasiya.

Ndinaimitsa nyimbo. "Amayi, pitirizani. Pamenepa mumaimba chiyani?"

"Pati?"

"Pamene aphunzitsi achepetsa." Ndinawatchula bambo monga iwo ankawatchulira. "Ndayenda dziko lonse kufunafuna pamenepa. Yesani kukumbuka, chonde."

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Pamenepo saimba, bambo. Pamenepo n'pomvera mwana."

Sindinamvetse. Iwo analoza chitseko ndi mutu, n'kutsitsa mawu.

"Mwanayo ali ndi mphumu. Ikamugwira sagona, chifuwa chimangolira ngati kamphaka. Koma aphunzitsi akaliza chinthu chawochi amafatsa, n'kugona. Ndiye amaliza tsiku lililonse, ngakhale atatopa chotani. Kungoti ndi phokoso lakeli ine sindimva ngati akupuma. Ndinawauza kuti inu, mukafika pena muzichepetsa, ndimvetsere. Ndiye iwo akachepetsa ine ndimasiya, n'kutchera khutu. Ndikamva kuti akupuma, ndimapitiriza." Anabwerera ku mtedza wawo. "Mwazimitsiranji? Adzuka."

Fungo la mankhwala opaka pachifuwa linandibwerera, ndi kulemera kwa bulangete masana dzuwa likuswa mtengo. Panalibe noti imene ndinataya. Ndinali nditakalamba ndikufunafuna choti ndiike pamalo pamene anthu awiri anasiyapo dala popanda kanthu, chifukwa cha ine.

Batire linali litayamba kuonetsa kufiira. Ndinayambitsa nyimbo poyambira.

Dzanja linayambanso kusita. Liwu linatuluka, linakula. Tinafika pamalo ofatsa, bambo anachepetsa, amayi anasiya n'kupendeketsa mutu chakuchitseko. Malo amenewo ndi aafupi, ndikuwadziwa, ndinawalemba ndekha, koma tsiku limenelo anatalika. Amayi anamvetsera. M'chipindamo munali matumba a chimanga okhaokha. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, maso akukula. Lichero linatsetsereka pamiyendo, mtedza n'kumwazika pakhonde ponse. Anagwira khoma kuti adzuke.

Apo ndi pamene ndinazindikira kuti nanenso mpweya ndaugwira. Ndinasendera mpaka pafupi ndi khutu lawo. Ndinakoka mpweya, n'kuutulutsa, mokweza, pang'onopang'ono, monga amachitira mwana amene wagona.

Anakhala chomwecho, dzanja lili pakhoma. Anamvetseranso.

"Ali bwino," anatero chapansipansi.

Anatsitsa dzanja, n'kulowa m'nyimbo pa noti yake yeniyeni, tsidya lina la mpata. Ine ndinakhala pomwepo ndikupuma kuti azimva, mpaka laputopu inazima. Itazima sindinasiye.